Siyani kaye sikelo, werengani kugunda kwa mtima wanu

Anthu ambiri amene ndawaona akuyamba mafizo n'kusiyira panjira sanali aulesi ayi. Chinawagwetsa mphwayi ndi sikelo. Munthu amayenda masabata atatu, thukuta kamukamu, akwera pasikelo n'kupeza kuti nambala ili pomwe paja, basi n'kunena kuti zimenezi sizikuthandiza. Zimandiwawa ndikamva mawu amenewa, chifukwa pa masabata atatuwo m'thupi mwake munali mutasintha kale zambiri, kungoti iye ankayang'ana polakwika.

Sikelo imachedwa kuyankha, ndipo pali chifukwa chake. Munthu wolemera makilogalamu 70 akayenda mwandawala kwa mphindi 30 amawotcha ma calorie pafupifupi 150 okha, amene amabwereranso ndi chakudya chochepa kwambiri. Kuti munthu aonde pamafunika kuti kadyedwe nako kasinthe. Koma mtima, mitsempha ya magazi, shuga wa m'magazi, tulo ndi maganizo sizidikira kuti muonde. Zina zimayankha tsiku lomwelo. Ndiye njira imene ndimatsatira, imenenso ndimauza aliyense wondifunsa, ndi iyi: yezani zimene zimasintha msanga, muzilembe, ndipo zolembazo ndi zimene zizikudzutsani tsiku limene thupi likukana.

Musanagule nsapato kapena kulembetsa ku jimu, pezani kope ndi cholembera. Mulembamo manambala anayi.

Yoyamba ndi kugunda kwa mtima mukakhala phee. M'mawa mukangodzuka, musanaponde pansi, ikani zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, pamkono kumunsi kwa chala chachikulu mpaka mumve mtsempha ukugunda. Chala chachikulucho musachigwiritse ntchito, chili ndi kugunda kwakekwake ndipo chingakusokonezeni. Werengani kwa masekondi 30 kenako muchulukitse kawiri. Akuluakulu ambiri amapeza pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Chitani zimenezi masiku atatu otsatizana n'kutenga yapakati, poti kusagona bwino, nkhawa kapena kutentha thupi zimakweza kugundako.

Nambala imeneyi ndimaikonda kuposa zonse. Mtima ndi mnofu. Munthu akakhala phee, mtima wake umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi, kaya ndi wamphamvu kaya ndi wofooka. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa magazi amene umatulutsa ukagunda kamodzi. Mtima wozolowera ntchito umatulutsa ambiri, ndiye sufunika kugunda pafupipafupi. Ngati pakatha miyezi itatu nambala yanu yatsika kuchoka pa 80 kufika pa 75, musaione kuchepa: pa tsiku limodzi mtima wanu wapeputsidwa maulendo 7,200.

Yachiwiri mutenga ndi mpando wolimba wopanda mateyala, woutsamiritsa kukhoma. Khalani, pingasani manja pachifuwa, ndipo muziimirira n'kukhalanso kwa masekondi 30 osagwira paliponse. Lembani kuti mwaimirira kangati. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso umenewu poona mphamvu za miyendo ya okalamba, koma umathandiza pa msinkhu uliwonse.

Yachitatu ndi njira imodzi imene mumaidziwa bwino, yoyenda mphindi 10 mpaka 15. Iyendeni mwandawala, mulembe nthawi imene mwatenga komanso mmene mukupumira pofika kumapeto. Lembani m'mawu anuanu, ngakhale akhale oti "ndafika ndili wefuwefu, kulankhula kukukanika".

Yachinayi ndi BP. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, moti pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi vutoli padziko lonse sadziwa n'komwe. Kayezetseni. Mukapezeka ndi 140/90 kapena kuposerapo pa masiku awiri osiyana, onanani ndi dokotala.

Tsopano tiyende. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita mafizo apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezera pa masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Bungwe lomweli linapeza kuti mu 2022 akuluakulu 31 pa 100 alionse sankafika pamenepa.

Nanga "apakatikati" mungawadziwe bwanji? Ndi pakamwa panu. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba, muli pakatikati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kukoka mpweya, mwalowa mu amphamvu. Ngati mukutha kuimba bwinobwino, mukungowongola miyendo, onjezani liwiro. Kwa anthu ambiri kuyenda kwapakatikati ndi kuponya mapazi pafupifupi 100 pa mphindi, ndiye werengani kwa masekondi 15 muone ngati akukwana 25. Kupalasa njinga, kusambira, kuvina ndi kulumpha chingwe zonse zimawerengedwa ndi muyeso womwewu. Sankhani chimene simudana nacho.

Ngati mwakhala nthawi yaitali osachita kanthu, musayambire pa 150. Yambani ndi mphindi 10 pa tsiku, ndipo sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse muziwonjezera mphindi 5. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa maondo ndi akakolo, n'chifukwa chake oyamba ndi phuma amavulala akadali ndi mpweya wambiri. Komanso phindu lalikulu kwambiri limapezeka pamene munthu wachoka pongokhala n'kuyamba kuchitako zochepa. Malangizo akale ankati mafizo amawerengedwa akafika mphindi 10 nthawi imodzi, koma a 2020 anachotsa mfundoyi. Mphindi zitatu zokwera masitepe nazo ndi zanu.

Za mapazi 10,000 pa tsiku zisakuopseni. Nambalayi inatchuka chifukwa cha malonda a kachipangizo kowerenga mapazi kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1965. Mu 2019, I-Min Lee ndi anzake a ku Harvard anafalitsa zimene anapeza mwa amayi achikulire a ku United States: amene ankayenda mapazi pafupifupi 4,400 pa tsiku ankamwalira mocheperapo poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkakula mpaka kufika cha m'ma 7,500.

Kwa ife amene ntchito yathu ndi yokhala pampando tsiku lonse, pali kafukufuku wina amene sachoka m'mutu mwanga. Mu 1953 dokotala wina, Jeremy Morris, anafalitsa m'magazini ya The Lancet zimene anaona mwa ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a ku London. Madalaivala ankakhala pansi pafupifupi tsiku lonse, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe a basi potolera ndalama. Basi imodzi, msewu umodzi, koma matenda a mtima anali ochepa kwa makondakitala. Anapezanso zofanana poyerekeza oyenda ndi makalata ndi anzawo okhala mu ofesi. Makondakitalawo sankapita ku jimu. N'chifukwa chake ine ola likakwana ndimanyamuka padesiki, ndipo foni ikalira ndimayankha ndili chiimire.

Lamulo limodzi lokha limene ndikupemphani kuti mulisunge mwamphamvu ndi ili: musadumphe masiku opitirira awiri otsatizana. Chifukwa chake chili pa shuga. Kawirikawiri shuga wa m'magazi amalowa m'minofu mothandizidwa ndi insulini, timadzi timene thupi limapanga lokha. Munthu akamangokhala, minofu imayamba kusamvera insulini bwinobwino, shuga n'kumatsalira m'magazi, ndipo umu ndi mmene matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayambira. Koma mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga wokha osadikira insulini, ndipo mukamaliza mafizo umapitiriza kumvera insulini bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako mphamvuyo imazilala. Ndiye mafizo a Lolemba sangakusungeni mpaka Lachisanu. Ngakhale kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukangomaliza kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri.

Umboni wake ulipo. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Ena anapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, ena mapilitsi opanda mankhwala, ena anathandizidwa kuti azichita mafizo mphindi 150 pa sabata ndi kusintha kadyedwe kuti achepetse thupi ndi 7 peresenti. Poyerekeza ndi a mapilitsi opanda mankhwala aja, metformin anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 31 peresenti, pamene mafizo ndi kadyedwe zinachepetsa ndi 58 peresenti. Muone kuti apa kuchepetsa thupi kunalipo. Sindikunena kuti sikelo ilibe ntchito. Ndikunena kuti siyoyenera kukhala woweruza wanu m'miyezi yoyambirira.

BP nayo imayankha. Munthu akamaliza kuyenda mwandawala BP imatsikako kwa maola angapo, ndipo kwa amene ali ndi vutoli, mafizo ochita mosalekeza amatsitsa nambala yoyamba ya BP (monga 140 uja pa 140/90) ndi 5 mpaka 8. Koma chonde musasiye kumwa mankhwala chifukwa choti nambala yatsika. Tengani kope lanu mukawaonetse adokotala, iwo ndi amene anganene zosintha.

Masiku awiri olimbitsa minofu aja anthu ambiri amawanyalanyaza, makamaka amayi, poganiza kuti ndi za anyamata ofuna zifuwa. Si choncho. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo ikachepa kwambiri ndi pamene wokalamba amalephera kudzuka yekha pampando. Mafupa nawo amalimba akamasenza kulemera. Simufunika zitsulo. Imirirani n'kukhala pampando uja, dzikankheni ndi manja kukhoma mpaka mudzathe mapushapu apansi, nyang'amani pa zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono, nyamulani chikwama cholemera ndi dzanja limodzi kenako linalo. Chilichonse chitani maulendo 8 mpaka 12, mupume, mubwerezenso kawiri. Maulendo awiri omalizawo azikuvutani ndithu, apo ayi onjezani kulemera. Musamabanike mpweya ponyamula chifukwa zimakweza BP, tulutsani mpweya pamene mukukankha. A zaka 65 kupita m'tsogolo, WHO imati muwonjezere mafizo othandiza kuti musamagwe masiku atatu pa sabata, monga kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma loti mugwire.

Minofu idzawawa mukayamba, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Kumeneko n'kuzolowera kwa thupi ndipo kuyenda pang'ono kumachepetsa ululuwo. Koma kupweteka kobaya m'bondo kapena kutupa ndi chizindikiro choti mupume. Ndipo mukamva kupweteka kapena kupanikizika pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena wokwera kuchibwano, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi zimene mukuchita, siyani pomwepo muthamangire kuchipatala. Amene muli ndi matenda a mtima, amene mumabaya insulini, ndi amayi oyembekezera, kambiranani kaye ndi achipatala musanayambe zamphamvu.

Lidzafika tsiku limene simudzafuna n'komwe kuvala nsapato. Limafikira aliyense. Tsiku limenelo ndimadziuza kuti ndiyenda mphindi 10 zokha, ndikafuna kubwerera ndibwerera. Nthawi zambiri pofika mphindi yakhumi thupi limakhala litatentha ndipo mutu wapepuka, poti kuyenda kamodzi kokha kumachepetsa nkhawa kwa maola angapo. Ichi ndi chifukwa chake m'kope muja ndimalembanso mzere umodzi wa mmene ndikumvera ndikamaliza, ndi wina m'mawa wa mmene ndagonera. Kwa ine tulo ndi timene tinayamba kusintha zina zonse zisanasinthe. Ndikawerenga mizere ya masiku amene ndinayenda n'kuiyerekeza ndi ya masiku amene ndinangokhala, sindifunikanso wondilimbikitsa. Zimathandizanso kumangirira mafizo pa chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga mukangotsuka mano kapena mukangoweruka, ndiponso kupangana ndi mnzanu amene akakudikireni panjira.

Pakatha masabata anayi bwerezani miyeso ija, nthawi yomweyo ya tsiku, mpando womwewo, njira yomweyo. Ya mpando ndi imene imakonda kukwera msanga, chifukwa m'masabata oyambirira ubongo ndi mitsempha zimaphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene muli nayo kale, isanayambe n'komwe kukula. Nthawi ya njira ija imatsatira. Kugunda kwa mtima ndi BP zipatseni miyezi iwiri kapena itatu. Ngati pofika sabata ya 12 palibe nambala imene yasuntha, kawirikawiri vuto limakhala liwiro: werenganinso mapazi anu pa masekondi 15, ndipo yesani kuika mphindi imodzi yofulumira kwambiri pakatha mphindi zinayi zilizonse. Mukadwala kapena kutanganidwa n'kusiya kwa masabata angapo, musayambire pamene munasiyira. Bwererani pa theka la zimene munkachita, mutsegule tsamba latsopano m'kope, muyezenso manambala anayi aja.