Momwe mungagulire makina owotcherera zitsulo a pakhomo osataya ndalama zanu

Fodya akagulidwa ku Chinkhoma, kapena soya ndi mtedza zikatuluka, anthu ambiri kuno ku Kasungu amaganiza zogula chida choti chiziwathandiza chaka chonse. Ena amasankha makina owotcherera zitsulo, ndipo sanalakwe. Geti likathyoka pahinji, ngolo ikaduka mpini, kaliyala ya njinga ikasweka, simudikiranso tsiku lonyamula zitsulo kupita nazo pa boma kapena pa Santhe. Koma ambiri amagula potengera nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, ndipo apa m'pamene ndalama zimalowa m'madzi.

Musanafunse mtengo, khalani pansi mulembe ntchito zimene mukufuna kugwira. Ngati ndi mabagala a pawindo, mafelemu a zitseko, khola la nkhuku, wilibala, mbaula ndi mashelefu, zitsulo zake n'zopyapyala, za mamilimita 1.5 mpaka 5. Ntchito imeneyi imatheka ndi makina owotcherera ndi marodi (timitengo ta chitsulo tosungunuka polumikiza zitsulo), amene pakatoni amalemba MMA kapena ARC. A MIG asiyeni kaye, chifukwa ambiri amafuna botolo la gasi ndi waya wakewake, zinthu zoti mungakafunefune mpaka ku Lilongwe. Marodi mumawapeza m'mahadiweya ambiri.

Kenako sankhani pakati pa mitundu iwiri. Pali akale olemera aja, a thiransifoma, kuphatikizapo opangidwa ndi amisiri a kwathu kuno pokulunga waya. Amapirira ndipo akawonongeka amakonzeka, koma amadya mayunitsi, ndipo mukangokhudza rodi pachitsulo mababu a nyumba yonse amaphethira. Ena opangidwa pamanja amakhala ndi mawaya a poyera, ndipo pakhomo pamene pali ana sindingakulimbikitseni kuwaika. Mtundu wina ndi inverter, kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi. Kwa munthu wa ntchito zapakhomo ine ndinganene kuti tengani inverter. Moto wake ndi wofatsa, sudumphadumpha, ndipo wophunzira savutika nawo kwambiri. Koma imadana ndi fumbi la zitsulo ndi chinyezi, chifukwa m'kati mwake muli bodi yamagetsi.

Tsopano nkhani ya ma amp, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene makina amatulutsa powotcherera, imene ndikufuna muimvetse bwino. Mudzaona timakina tating'ono tolembedwa 300 kapena 400. Musatengeke. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a 230V, ndipo pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi ya ma amp 13, kutanthauza mphamvu yokwana pafupifupi mawati 3,000. Mphamvu imeneyi singabereke ma amp 400 owotcherera, ngakhale katoniyo italembedwa ndi zilembo zagolide. Komanso simukuwafuna. Rodi ya mtundu wa 6013 ya mamilimita 2.5, imene mudzagwiritse ntchito masiku ambiri, imayaka bwino pa ma amp 60 mpaka 90. Ya 3.2 imafuna 90 mpaka 130, ndipo imeneyi ikhoza kumakuphulitsirani fyuzi ngati mulibe soketi yakeyake yoikidwa ndi wamagetsi. Choncho makina opereka ma amp 140 kapena 160 enieni akukwanirani.

Choonadi chili pa kachikwangwani ka kumbuyo kapena pansi pa makinawo. Tembenuzani muwerenge. Mudzaona mzere wokhala ndi X ndi maperesenti, umene amati duty cycle. Akalemba 60% pa 100A, akutanthauza kuti pa mphindi 10 zilizonse muwotcherera mphindi 6, makinawo n'kupuma 4. Akalemba 20% pa ma amp omwewo, mudzakhala mukudikira kuposa kugwira ntchito, makamaka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Makina opanda kachikwangwani kameneka asiyeni pa shelefu pomwepo.

Gwirani mawaya ake awiri, wa chogwirira rodi ndi wa chopanira pachitsulo. Opanga otchipa amabera apa. Waya wa kopa weniweni amalemera m'manja ndipo amapindika mofewa. Wopepuka kwambiri nthawi zambiri ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Mukapala kansonga ndi mpeni mudzaona kuyera m'kati. Waya wotero amatentha msanga. Si chifukwa chokanira makina abwino, koma muwerengeretu ndalama yogula wina.

Musapereke ndalama makina asanayake. Pitani ndi marodi awiri kapena atatu, a 2.5 ndi a 3.2, ndi kachidutswa ka angle iron. Ngati simunagwirepo, pemphani mmisiri wowotcherera amene mumamudziwa akuperekezeni, mum'patse kangachepe ka sopo. Mmisiri amamva ndi khutu. Moto wabwino umalira mosalekeza ngati nsomba m'mafuta otentha, rodi simamatira pachitsulo, ndipo mukagogoda chikhungwa cha pamwamba chimachoka n'kusiya mzere wosalala. Atenthe rodi ya 3.2 yonse mpaka kumapeto osapumira. Kagetsi kochenjeza za kutentha kakayaka rodi imodzi isanathe, mwadziwa kuti makinawo ndi ofooka. Mverani ngati fani ikuzungulira. Wogulitsa akati "bwana, katoni sititsegula", thokozani mupite kwina. Amene wavomera, akulembereni lisiti yokhala ndi dzina la makina, nambala yake ndi miyezi imene angakukonzereni kapena kukusinthirani. Kuchoka ku Kasungu kubwerera ku Lilongwe ndi makina akufa, wopanda pepala, ndi ulendo wowawa. Ogula kwa munthu makina ogwiritsidwapo kale ntchito anunkhize kumene kumatulukira mpweya. Fungo la zopserera likamveka, bodi inapsapo.

Za magetsi kwanu: ngati mumakhala kumapeto kwa laini kumene mababu amafooka madzulo, funsani makina olembedwa kuti amagwira ngakhale magetsi atatsika, ndipo muziwotcherera m'mawa. Waya wotalikitsira akhale wa 2.5 mm², wamfupi, ndipo mumutambasule yense, chifukwa wokulungidwa amatentha. Kajenereta ka wailesi ndi mababu sikangakoke makinawa. Pamafunika ya 5 kVA kapena kuposa, yokhala ndi AVR, kachipangizo koletsa magetsi kukwera ndi kutsika, apo ayi muwotcha bodi.

Pa ndalama zanu siyani gawo la zodzitetezera, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse. Magalasi a dzuwa amene timaona anyamata atavala m'mbali mwa M1 sateteza maso. Kuwala kuja kumatentha diso, ndipo usiku munthu amadzuka misozi ili chuchuchu, maso akuwawa koopsa. Gulani chigoba chokwirira nkhope yonse chokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11, magolovesi achikopa, hamala yogogodera ndi bulashi ya waya. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 ndiyofunikanso, poti chitsulo cha dzimbiri kapena penti sichigwirana. Valani nsapato zotseka ndi zovala za thonje, osati jezi ya mpira imene imasungunukira pakhungu. Musawotcherere pansi ponyowa, kapena pafupi ndi shedi ya fodya ndi udzu wofolerera. Utsi wa mapaipi a galvanised umadwalitsa, choncho gwirani ntchitoyo panja. Diramu kapena thanki imene munakhalapo petulo musaiyandikize moto, ngakhale ikuoneka youma, chifukwa mpweya wotsalira umaphulika.

Mukafika nawo kunyumba, musayambire pa geti. Gulani zidutswa kwa ogulitsa zitsulo zakale, muyambe ndi zokhuthala, chifukwa chubu chopyapyala chimabooka msanga m'manja mwa wophunzira. Marodi sungani m'chigubu chotseka, makamaka nthawi ya dzinja, popeza onyowa amathetheka n'kusiya timabowo. Mukalumikiza zidutswa ziwiri, zimenyeni ndi hamala. Zikathyokera pamene munawotcherera, wonjezerani ma amp pang'ono, yendetsani dzanja pang'onopang'ono, muyesenso.