Anyezi musamathamangire naye ku Mbare

Abale anga amene muli ndi kadimba ku Epworth, ku Dzivarasekwa kapena ku Mufakose kuno ku Harare, ngati mukufuna kupeza ndalama pa anyezi, ganizirani kaye nthawi yomwe mudzagulitse. Ambiri timafesa nazale mu Malichi kapena Epulo, n'kuwokera mbande zikafika kukula ngati pensulo, patatha masabata 6 mpaka 8. Ndiye tonse timakolola pamodzi cha mu Seputembala ndi Okutobala, anyezi n'kudzaza ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, mtengo n'kugwa. Zimandipweteka kuona munthu amene wathirira chisanu chonse akugulitsa motaya.

Sankhani mbewu yosungika. Texas Grano amabereka zedi koma sachedwa kuwola. Red Creole, wofiira uja, ndiye amapirira. Mitu ikayamba kukula lekani kuthira feteleza wa AN (ammonium nitrate), apo ayi khosi, pomwe masamba amalumikizana ndi mutu, limanenepa ndipo siliuma. Masamba akayamba kugwa okha, siyani kuthirira. Mukazula, muyanikeni pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume gwa, kenako mumangeni m'mitolo n'kupachika kudenga, kapena m'matumba a maukonde. M'thumba la pulasitiki ayi, amachita thukuta n'kuwola. Muzichotsa wofewa sabata iliyonse, mudzagulitse mvula ikakhazikika, anyezi atayamba kusowa pamsika.