Konzani denga mvula ya matalala isanafike

Alimi anzanga, kuno kum'mawa kwa Zambia matalala amakonda kubwera ndi mvula zoyamba, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Disembala, makamaka chakumadzulo pa tsiku limene dzuwa laswa mtengo. Mpweya wotentha umakwera ndi madontho a madzi kufika kumwamba kozizira kwambiri, komwe amaundana, ndipo akalemera amagwa ngati miyala. Amagwa pamalo ochepa. Mudzi wina ku Chadiza ungasakazidwe pamene woyandikana nawo sunaone ngakhale limodzi, choncho musamati kwathu kuno sagwa.

Pa nyumba zimene ndayendera mvula yotere itapita, ndaona kuti chosasula denga kawirikawiri ndi mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi matalalawo. Matalala amaboola malata adzimbiri, kuswa a asibesitosi ndi kuphwasula udzu wakale, koma mphepo ikalowa kunsi kwa lata limodzi lokhwefuka, denga lonse limapita.

Kwerani padenga mu Seputembala, kukadali kouma. Gogodani mitengo yonse ya denga. Yolira ngati ng'oma ndiye kuti chiswe chinaidya kale m'kati, ichotseni. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi, ndipo m'mphepete ndi m'makona muchulukitse misomali chifukwa ndi momwe mphepo imayambira kukanganula. Chimene chimandipweteka mtima n'kuona denga longosanjikidwa pakhoma, pamwamba ataikapo miyala ndi njerwa. Miyalayo ndi yomwe imadzagwera ana. Mangani mitengo ya denga ndi waya wolimba, wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kupita pansi.

Pogula malata ku Chipata funsani geji yake, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata. Nambala ikakula, lata limakhala lopyapyala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la 32. Lopyapyala limaoneka lotchipa tsiku logula lokha.

A denga la udzu, folerani mothithikana ndi kumanga bwino ndi luzi. Chigafa cha fodya ndi nkhokwe musaziiwale. Dulaninso nthambi zolendewera pamwamba pa nyumba.

Kumwamba kukada bii, mphepo yozizira n'kuyamba mwadzidzidzi, lowetsani ana, mbuzi ndi nkhuku, ndipo tsekani zitseko ndi mawindo. Denga likasasuka, uzani anduna a mudzi ndi khansala wanu msanga kuti uthenga ufike ku ofesi ya DMMU, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya m'boma lanu.