Njovu zalowa m'munda: momwe mungachitire agemu asanafike

Amene timalima m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu, Liwonde ndi Nkhotakota timadziwa kuti chimanga chikayamba kukhwima, tulo timachepa. Ku Kasungu nkhaniyi inakula kuchokera mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde. Zikakupezani, yambani motere.

Choyamba, ana ndi agogo atalikire kumundako. Inuyo musayandikire ndi tochi kuti muziwerenge bwino. Njovu siona patali, koma fungo imalimva msanga. Tapani fumbi, muliwaze m'mwamba, muone kumene mphepo ikulowera, ndipo muime mbali imene fungo lanu silikupita kwa izo. Yaikazi imene ili ndi kamwana ndiye yoopsa zedi. Ikatambasula makutu n'kupukusa mutu, bwererani m'mbuyo basi.

Chachiwiri, imbani foni. Nambala ya kampu ya agemu muisunge lero lomwe, osati kuyamba kuifunsa njovu zili kale pa nkhokwe. Afunseni amfumu kapena a komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota muyankhula ndi alonda a African Parks, bungwe limene linayamba kuyendetsa Majete mu 2003 ndipo ziwiri zinazo mu 2015, mogwirizana ndi boma. Ku Kasungu ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kungokuwa kuti "zatitha kuno!" sikuthandiza munthu amene akubwera mumdima. Tchulani mudzi ndi chizindikiro chodziwika, kaya ndi mjigo kapena tchalitchi. Nenani kuti njovu zilipo zingati, ngati zili ndi ana, komanso kumene zaloza.

Chachitatu, agemu akafika apatseni mpata. Nthawi zambiri amawomba mfuti m'mwamba kuti azibweze kunkhalango, ndiye chikhamu chikaima panjira yobwerera, njovu zimasowa kolowera n'kutembenukira anthu. Zojambula pa foni zidikire.

Kukacha, ayendetseni m'mundamo aone zimene zawonongeka, muwasonyezenso pamene mpanda wa nkhalango waduka. Waya wa mpandawo musautenge, pajatu ndi womwewo umene ena amatchera misampha. Mukapeza njovu yakufa, musakhudze nyama kapena minyanga, ingouzani agemu. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi minyanga akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30.