Kaphunzitsidwe ka Malaki kosathamangira pa chakhumi

Tsiku loyamba limene ndinapatsidwa buku la Malaki kuti ndiphunzitse pa mapemphero a Lachitatu, ndinangotsegula pa 3:10, paja pa chakhumi. Ndi pomwe tinazolowera. Titaweruka, gogo wina anandiimitsa pakhomo nati, "Akulu ampingo, nanga machaputala awiri oyambawo ndi a ndani?" Ndinasowa pogwira, chifukwa mbali yaikulu ya machaputalawo ikukamba za ansembe, ndiye kuti ife oima kutsogolo. Chiyambire tsikulo ndimachita motere.

Yambani mwawauza anthu nyengo yake. Ayuda anali atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, kachisi atamangidwanso cha m'ma 516 Yesu asanabadwe, dziko lili m'manja mwa Aperisi. Utsi unkafuka paguwa ndithu, nsembe zinkapsa. Chimene chinazirala ndi kuopa Mulungu.

Kenako werengani mokweza kuyambira 1:6 mpaka 2:9 osadumpha vesi. Ndimasankha awerengi awiri, wina mawu a Mulungu, wina mayankho a ansembe, chifukwa bukuli likuyenda ngati mlandu wa pabwalo: Mulungu akanena, iwo akubweza funso ngati sakudziwa kanthu. Mwana amalemekeza bambo ake, wantchito amaopa bwana wake, nanga ulemu wa Mulungu uli kuti? Funso limenelo lisiyeni lilire kaye, musafulumire kuliyankha.

Pa 1:8 khalitsanipo. Ansembe ankalandira nyama zakhungu, zotsimphina ndi zodwala, pomwe Levitiko 22 inaletseratu. Mneneri akuti kapatseni bwanamkubwa wanu zimenezo muone ngati akondwere. Apa ndimakumbutsa za Sabata la masika chaka china, pamene ndinamasula thumba la chimanga n'kupeza anankafumbwe ali yakaliyakali, ufa okhaokha pansi. Ndinamanganso n'kulemba m'kaundula kuti thumba limodzi. Mwini thumbayo ndinkamudziwa, anali munthu wothandiza pa chitukuko cha tchalitchi, ndiye ndinaopa kumukhumudwitsa. Malaki 2:9 amakutcha kukondera kumeneko. Inunso pezani chitsanzo chanu, chokukhudzani inuyo, osati cha abusa a mpingo wina.

Musabise 2:3, pomwe Mulungu akuti adzawaza chipwidza cha nsembe zawo kumaso kwa ansembe. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi akudziwa fungo lake, safuna kumasulira kwambiri.

Mukafika pa pangano la Levi, kholo la fuko la ansembe, 2:4 mpaka 7, tsegulaninso Numeri 25, pomwe Finehasi, mdzukulu wa Aroni, anapatsidwa pangano la mtendere ndi unsembe wosatha. Malaki akuti panganolo linali la moyo ndi mtendere, ndipo Levi anayankha ndi mantha. Afunseni anthu atchule okha ntchito za wansembe zimene zili m'mavesiwa: kuphunzitsa zoona, kuyenda ndi Mulungu molungama, kubweza ambiri ku zoipa. Vesi 7 likumutcha mthenga wa Yehova, ndipo dzina loti Malaki limatanthauza mthenga wanga.

Chakhumi chisungireni sabata yotsatira, ndipo mudzachiwerenge pamodzi ndi Nehemiya 13:10, pomwe Alevi, otumikira m'kachisi, anathawira kuminda yawo chifukwa chosalandira gawo lawo. Ine ndimatenga Lachitatu ziwiri, ndipo loyambalo mbale ya chopereka sindiyitchula n'komwe.