Kudzutsa makina akale a masewera a arcade

Mukapeza makina akale a arcade, aja oponyamo kobiri kuti musewere, musathamangire kuwayatsa. Tsegulani kumbuyo muone kaye. Makoswe amatafuna mawaya, ndipo thabwa lam'munsi, lomwe nthawi zambiri limakhala lautuchi woumba, limafufuma likamwa chinyezi. Pofufumapo ine ndimadula n'kuikapo plywood. Kungopakapo penti n'kudzinamiza.

Choopsa kwambiri ndi sikirini ya CRT, ija yagalasi yachimbuyo ngati ya ma TV akale. Imasunga magetsi amphamvu ngakhale mutazula pulagi. Musanaikhudze, mangani waya ku chitsulo cha screwdriver, mbali inayo ku fulemu yachitsulo ya sikiriniyo, kenako lowetsani nsonga pansi pa kamphira komata kumbuyo kwa galasi mpaka ikhudze kachitsulo kam'kati. Dzanja linalo likhale m'thumba. Dikirani pang'ono, bwerezaninso. Ngati mukukayika, itanani wodziwa.

Chithunzi chikamagwedera kapena kupindika, kawirikawiri vuto ndi ma capacitor (tizitini ting'onoting'ono tosunga magetsi) ouma. Sinthani onse a pa sikirini kamodzi, osasokoneza mwendo wa + ndi wa -.

Magetsi a bolodi la masewera yezani ndi multimeter pa bolodi penipenipo, chifukwa amatsika m'mawaya. Pamafunika 5V. Batire yakale ya pa bolodi ikatayikira imadya tinjira tamkuwa, koma ya pa bolodi la CPS-2 la kampani ya Capcom musangoizula n'kuisiya: ndi yomwe imasunga makiyi otsegulira masewerawo.

Onaninso polumikizira. Makina ambiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amatsata JAMMA, njira yofanana yolumikizira bolodi ku makina, ya mapini 56. Pac-Man wa 1980 ali ndi mawaya akeake, ndiye kuti mumulowetse m'bokosi la JAMMA pamafunika adaputa.

Zojambula zam'mbali, ngakhale zitasuluka, ine sindizichotsa. Ndimangozipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono.