Kusewera LEGO Star Wars ndi ana kunyumba, poyambira pake ndi apa

Makolo anzanga, ngati mwana akukuvutitsani kuti afuna gemu ya nkhondo koma inu simufuna zija za magazi, mugulireni LEGO Star Wars. Ine ndimasewera ndi mwana wa mlongo wanga kuno ku Kapata, ali ndi zaka 7, ndipo munthu akamenyedwa mu gemu iyi amangophwasuka tizidutswa ta pulasitiki basi, kenaka wabweranso pompo. Kulibe game over.

Choyamba onani makina amene muli nawo. Ngati ndi PS2 yakale ija, funani yoyamba ya 2005 kapena LEGO Star Wars II ya 2006. Pa PS3, Xbox 360, Wii kapena kompyuta pali The Complete Saga ya 2007, yomwe inaphatikiza nkhani za mafilimu 6 a Star Wars pamodzi, ndipo ine ndiyo ndimaikonda kwambiri chifukwa laputopu yakale imainyamula bwinobwino. Ya manje manje ndi The Skywalker Saga ya 2022, mafilimu 9, anthu a mu gemu oti musankhe opitirira 300, koma imafuna PS4, PS5, Switch, Xbox yatsopano kapena kompyuta yamphamvu, ndipo kuidawuniloda kumadya bandulo koopsa, bola disiki.

Chachikulu ndi ichi, gulani mapadi awiri. Gemu iyi anaipanga kuti anthu awiri azisewera limodzi, wachiwiri amangodina Start walowa, akatopa watuluka, gemu ikupitirira. Inu mwapita kukaona nsima pa mbaula mwana sakuima ayi. Ndipo mwana akakanika kudumpha penapake musamulande padi, mudutse inu ndi munthu wanu iye aone mmene mwachitira, kawiri katatu adzatha yekha, wanga uja tsopano ndiye amandiuza koti ndipite.

Muuzeni aziphwanya chilichonse, mipando, mabokosi, zonse, chifukwa mumatuluka tindalama totchedwa ma stud. Tasiliva ndi 10, tagolide 100, tabuluu 1,000. Ndi tomweti mumagulira anthu atsopano ku Mos Eisley Cantina, komwe mumayambira mu Complete Saga. Ukaphedwa timatayikako pang'ono, nchifukwa chake ana amakuwa.

Munthu aliyense ali ndi ntchito yake. Jedi, ankhondo a malupanga owala, amasuntha zinthu ndi mphamvu yawo yotchedwa Force, maloboti R2-D2 ndi C-3PO amatsegula zitseko zina, Anakin wamng'ono amalowa m'timabowo. Ndiye mukaona chitseko chakana musataye nthawi, malizani levo kaye mu Story, mudzabwerere mu Free Play pomwe mumasintha anthu mmene mufunira, ndipamene mumatolera ma minikit 10 obisika mu levo iliyonse, tizidutswa tomwe tikakwana timapanga kandege kapena kagalimoto.

Za Chizungu musadandaule. Magemu akalewo, a Traveller's Tales a ku England anawapanga opanda mawu, tizidole timangong'ung'udza ndi kulozerana ndi manja, ngakhale agogo ake amaseka osadziwa filimu yake.

China, malaiti. Complete Saga imasunga mukamaliza levo, osati pakati, ndiye ngati mukudziwa kuti magetsi apita posachedwa musayambe levo yatsopano, kapena sewerani pa laputopu yochajidwa. Ife tsiku lina anathima tili pafupi kumaliza ndewu yolimbana ndi mdani wina dzina lake Darth Maul, mwana analira mpaka kukana kudya.